Fizi talipira, nanga mwanayo akugona kuti, akudya chiyani?

Febuluwale akafika, ku Braamfontein ndi ku Auckland Park, kumene kuli mayunivesite a kuno ku Joni (Johannesburg), kumadzaza achinyamata onyamula zikwama ndi mabulangete. Pakati pawo pamakhala ana athu. Ena angotsika kumene pa Park Station atakhala masiku awiri m'basi yochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Ena anabadwira konkuno, matric, mayeso omaliza a sekondale, analembera ku Rosettenville, ku Cosmo City kapena ku Tembisa. Kumbuyo kwa aliyense kuli banja limene lakhetsa thukuta: bambo wa m'galadeni, mayi wogwira ntchito m'nyumba za anthu, malume wosoka zovala ku Fordsburg, azakhali amene agulitsa ng'ombe kumudzi. Risiti ya ndalama yolembetsera ikatuluka, tonse timapumira m'mwamba. Timati mbali yathu tachita, kwatsala n'kwa mwiniwake.

Maganizo amenewa ndi amene akutitayitsa ana. Wophunzira amene wapeza malo ku yunivesite ya Wits kapena ku UJ (University of Johannesburg) wasonyeza kale kuti mutu wake umagwira, chifukwa malo amenewa salowa mwachisoni. Chomwe chimamugwetsa kawirikawiri si kuchepa nzeru, koma timavuto timene timabwera mondondozana, kena kakukoka kanzake, mpaka chaka chonse chagwa.

Taonani m'mene zimayendera. Ndalama yochokera kumudzi yachedwa chifukwa kubanki kulibe ndalama zakunja. Kochepa kamene mwana anali nako kapita ku lendi, ya chakudya palibe. Wapeza ganyu ya usiku mu lesitilanti, akuweruka mochedwa, kalasi ya m'mawa wayamba kujomba. Test imodzi yamudutsa, asayimenti wapereka mochedwa. Ku UJ, amene malikisi ake a semesita sanafike 40 peresenti pa phunziro saloledwa n'komwe kulemba mayeso a phunzirolo, ndiye kuti walephera asanagwire cholembera. Maphunziro olephera akachuluka, pa zotsatira pamatuluka chizindikiro chimene ana a ku UJ amachiopa, F7, kutanthauza kuti wachotsedwa. Kwa mwana wa ku South Africa, uku n'kugwa kopweteka koma akhoza kukapumira kwawo. Kwa mwana wathu, study visa inamangirira pa yunivesiteyo, ndipo yunivesite ili ndi udindo wodziwitsa Home Affairs, nthambi ya boma yoona za mavisa, kuti munthuyu salinso wophunzira wawo. Vuto limene linayamba ndi thumba la ufa lathera pa mapepala.

Chowawa n'chakuti pa sitepe iliyonse thandizo linalipo. Ku Wits kuli CCDU, ku UJ kuli PsyCaD, kumene akatswiri a maganizo amaona wophunzira wolembetsa popanda malipiro apadera. Kuli kiliniki ya pakampasi, ofesi ya ophunzira ochokera kunja, ofesi yothandiza olumala, malo ophunzitsa kalembedwe ka maasayimenti, ndi thandizo la chakudya kwa osowa. Koma chilichonse chili ndi khomo lake, fomu yake ndi tsiku lake lotsekera. Wa ku ofesi ya fizi amaona ngongole, mphunzitsi amaona malikisi, nesi amaona mutu wopweteka, wa ku ofesi ya alendo amaona tsiku lothera visa. Palibe amene amaona munthu wathunthu. Ndipo mwana wa chaka choyamba, amene kwawo anaphunzitsidwa kuti wamkulu samuvutitsa ndi mafunso, sangagogode makomo asanu n'kumafotokoza umphawi wake kasanu m'Chingerezi. Amagogoda limodzi, akauzidwa kuti pitani ofesi ina, amabwerera kuchipinda.

N'chifukwa chake ndikunena kuti thandizo lenileni ndi munthu mmodzi wotsatira wophunzira mmodzi, kumbali ya yunivesite komanso kumbali yathu, ndipo munthuyo adziwe kalendala. Pafupifupi thandizo lililonse pano lili ndi nthawi yake. Ukachedwa ndi sabata imodzi, khomo lomwe likanakupulumutsa umalipeza lotseka.

Tiyambe ndi mapepala, chifukwa apa m'pamene mabanja athu amapsa kwambiri. Study visa imafuna medical aid, inshuwalansi ya chipatala, yolembetsedwa kuno ku South Africa. Ya kumudzi, ngakhale ikhale yabwino chotani, siilandiridwa, ndipo yunivesite imafuna umboni wakuti yalipiridwa chaka chonse cha maphunziro isanakulole kulembetsa, chaka ndi chaka. Banja limene lasonkha fizi yokha limadzidzimuka mu Januwale. Chachiwiri, pempho lowonjezera visa limayenera kulowa ku VFS, ofesi yolandira mapempho a visa, kutatsala masiku osachepera 60 kuti yakale ithe. Amene amagwa m'mbuna imeneyi ndi mwana amene wabwereza chaka: visa inaperekedwa molingana ndi zaka za digiri, tsopano digiri yatalika koma visa sinatalike. Akapitirira tsiku n'kutuluka m'dziko, pachipata amamudinda kuti ndi wosafunika. Kupitirira ndi masiku osaposa 30 ndi chiletso cha chaka chimodzi, kuposa apo ndi zaka zisanu. Mwana wopita kumudzi kukadya Khirisimasi akhoza kutsekeredwa kunja digiri itatsala chaka chimodzi. Kusintha yunivesite nakonso kumafuna pempho latsopano, ndipo ganyu yololedwa pa visa imeneyi ndi maola osaposa 20 pa sabata. Pasipoti iyang'anidwe pamodzi ndi visa. Amene anali pa mzere kumayambiriro kwa 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kunaima ku Malawi kwa milungu ingapo, akudziwa kuti imeneyi si ntchito ya mwezi womaliza.

Pali gulu lina limene nkhani yake imandikhudza koposa: ana obadwira konkuno kwa makolo a Chimalawi. Amayankhula Chizulu ngati eni ake, Malawi anangomuona pa maliro a agogo, koma akafika pa fomu ya NSFAS, thumba la boma lolipirira ophunzira osowa, amapeza kuti thandizolo ndi la nzika ndi amene ali ndi chilolezo chokhazikika, a m'mabanja opeza ndalama zosaposa R350 000 pa chaka. Ambiri amagwa ulesi pomwepo. Komatu gawo 4(3) la lamulo la unzika la South Africa limati mwana wobadwira m'dziko muno kwa makolo amene si nzika, amene wakhala muno kuyambira kubadwa mpaka kukwanitsa zaka 18, ndipo kubadwa kwake kunalembetsedwa, ali ndi ufulu wopempha unzika. Mu 2018 khoti la apilo la dziko lino linagamula kuti ufulu umenewu ukukhudzanso amene anabadwa chisanafike chaka cha 2013, pamene gawoli linayamba kugwira ntchito. Njira yake ndi yotopetsa ndipo siithamanga, choncho iyambike mwana akangokwanitsa zakazo. Chimene chimapulumutsa ndi umboni: setifiketi yobadwira, khadi la kusikelo, malipoti a sukulu a chaka chilichonse kuyambira Grade 1. Amayi, mapepala amenewa musayatsire moto posamuka. A Lawyers for Human Rights ndi a Wits Law Clinic amathandiza osauka pa nkhani zotere, ndipo poti Malawi tsopano amalola unzika wa mayiko awiri, mantha akuti mwana ataya kwawo asamutsekereze.

Pa nkhani ya fizi, mabanja ambiri sadziwa kuti mu 1997 mayiko a SADC anasainirana pangano la maphunziro, ndipo anasainira ku Blantyre kwathu komwe. Panganolo limati wophunzira wa m'chigawo chino azitengedwa ngati mwana wa pakhomo pa fizi ndi pa malo ogona. N'chifukwa chake Mmalawi ku yunivesite ya boma amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, kuwonjezapo ndalama yapadera ya ophunzira akunja. Chovuta ndi nthawi yolipira: mlendo amafunsidwa gawo lalikulu la fizi ya chaka asanalembetse. Amene akuona kuti sakwanitsa apite ku ofesi ya fizi ndi ya alendo mu Novembala kapena Disembala kukafunsa ngati pali dongosolo lolipira pang'onopang'ono, yankho lake alandire lolembedwa. Kupita mu Febuluwale, mzere utafika panja, ndi kupita kukalira.

Wina anena kuti: kodi mlendoyu sanasonyeze umboni wakuti ali ndi ndalama popempha visa? Bwanji lero akufuna thandizo m'dziko limene ana ake omwe akuvutika? Funsoli ndi loyenera ndipo sindikulinyoza. Ana a ku South Africa akuvutikadi. Zionetsero za FeesMustFall zokana kukwera kwa fizi zinayambira pa Wits pompa mu Okutobala 2015, ndipo mu 2023, NSFAS itaika malire a R45 000 pa ndalama ya malo ogona, ophunzira ena ankagona m'malaibulale. Sindikupempha kuti NSFAS ilipirire alendo. Koma umboni wa ndalama umene banja linapereka unali wa tsiku limenelo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo kholo limene linawerengera bwino zaka zitatu linadzuka likupeza kuti randi iliyonse ikudya makwacha ochuluka kuposa dzulo. Pamenepo palibe chinyengo. Chimene ndikupempha n'chochepa: thandizo ladzidzidzi la chakudya ndi pogona lifunse nambala ya wophunzira, osati nambala ya ID ya manambala 13 imene mlendo alibe. Wophunzira amene yunivesite inamulandira ndi wake, ndipo akagwa m'chaka chachiwiri, malo amene anakhalapo aja awonongeka kwa onse.

Yunivesite ili ndi chida china chimene sichifuna ndalama zambiri. Makina ake amasonyeza amene sanatsegule zophunzira za pa intaneti kwa milungu iwiri ndi amene walephera test yoyamba. M'mera m'poyamba. Pofika sabata yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, amene akumira amaoneka kale. Pamenepo pasatumizidwe imelo yopita kwa anthu chikwi, koma mlangizi mmodzi aitane mwanayo, amufunse za m'kalasi, za m'mimba, za pogona ndi za mapepala pa nthawi imodzi, kenako amuperekeze kapena aimbire yekha ofesi yoyenera.

Za pogona ndinenepo mwachindunji. Chipinda chotchipa cha m'tauni chimakopa, koma tisaiwale moto wa pa 31 Ogasiti 2023 m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, umene unapha anthu 76, Amalawi ali m'gulumo. Wamkulu akaone ndi maso chipinda chimene mwana akulowa: khomo lothawira moto likutseguka? Magetsi ndi ovomerezeka? Mayunivesite ali ndi mndandanda wa nyumba zakunja zimene anaziyendera n'kuzivomereza, ndipo kuyambira pamenepo n'kwanzeru. Pangano la lendi likhale lolembedwa, chipinda chijambulidwe tsiku lolowa, risiti ya dipoziti isungidwe. Landilodi akakana kubweza dipoziti, bwalo loona nkhani za lendi la Rental Housing Tribunal limamva dandaulo kwaulere. Komanso mayeso a pakati pa chaka amagwa mu Juni, Joni itazizira kofika m'mafupa. Mwana wa ku Nsanje kapena ku Salima amene sanaonepo chisanu chotere amayesedwa kulowetsa mbaula m'chipinda chotseka, ndipo utsi wa makala umapha munthu ali m'tulo. Mabulangete awiri ndi jekete lokhuthala zigulidwe mu Epulo.

Tsopano nkhani imene timaizemba. Kwathu ukatchula dokotala wa maganizo, anthu amaganiza za misala ndi chipatala cha ku Zomba. Mnyamata timamuuza kuti mwamuna salira. Mtsikana timamuuza kuti apemphere kwambiri. Pemphero ndi labwino ndipo lisaleke, koma wodwala malungo timamupempherera tikupita naye kuchipatala, ndipo matenda a maganizo nawonso ndi matenda. Mwana wa ku yunivesite amasenza katundu amene sitimuona. Kusekondale anali woyamba m'kalasi, pano wapeza 38 peresenti ndipo sakudziwa kuti auza bwanji mayi amene akuchapa zovala za anthu kuti iye aphunzire. Mu takisi amaopa kuyankha foni m'Chichewa, makamaka m'masiku amene mphekesera zothamangitsa alendo zatentha, poti za 2008 ndi 2019 akuzidziwa. Amangoti "zili bwino" pa WhatsApp.

Zizindikiro zake n'zodziwika: kusagona kapena kugona tsiku lonse, kusadya, kudzipatula, kusiya zimene ankakonda, kuyamba mowa mwadzidzidzi, kunena kuti ndine mtolo kwa anthu. Zikapitirira milungu iwiri, apite kwa katswiri, ndipo wamkulu amuperekeze ngati akuchita manyazi. Ngati mukukayikira kuti akuganiza zodzipha, mufunseni mosabisa mawu. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwake, koma kumamupatsa mpata wolankhula. Akavomera, asasiyidwe yekha, mankhwala ndi china chilichonse choopsa zichotsedwe, ndipo muimbe 0800 567 567 ya SADAG kapena 0800 36 36 36 ya Higher Health, mabungwe opereka uphungu pa foni, kapena mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo medical aid ija imene timailipira modandaula ili ndi phindu pano: malamulo a dziko lino amakakamiza medical aid iliyonse yolembetsedwa kulipira chithandizo cha matenda aakulu okhumudwa, mpaka masiku 21 m'chipatala kapena maulendo 15 okaonana ndi katswiri pa chaka, dokotala akatsimikiza matendawo.

Kupita kwa katswiri msanga kuli ndi phindu linanso limene ambiri saliganizira. Wophunzira akadwala tsiku la mayeso, amaloledwa kupempha kudzalemba tsiku lina, koma fomu ndi kalata ya dokotala zimafunika m'masiku ochepa kwambiri. Akachotsedwa sukulu, ali ndi ufulu wochita apilo, ndipo komiti yomva apilo siyendera misozi, imayendera umboni: kalata ya dokotala kapena ya katswiri wa maganizo yosonyeza masiku, setifiketi ya imfa ngati panagwa maliro, lipoti la apolisi ngati anaberedwa, ndi kufotokoza momveka chimene chasintha kuti chaka chamawa chisafanane ndi chathachi. Amene anavutika mwakachetechete chaka chonse amafika pa komiti manja ali m'thumba. Amene anagogoda khomo mu Epulo amafika ndi pepala. A SRC, bungwe loimira ophunzira, amathandiza kulemba apilo, ndipo nthawi yake imagwa pa tchuthi, ana ambiri ali kumudzi kumene netiweki imavuta, choncho imelo ya sukulu itsegulidwe ngakhale pa Khirisimasi. Safunsa anadya phula.

Chimodzimodzi wolumala. Mwana wosaona bwino, wosamva bwino, wachialubino, wa khunyu kapena wovutika kuwerenga msanga akhoza kupatsidwa nthawi yowonjezera pa mayeso, zilembo zazikulu kapena zipangizo zothandizira, koma pokhapokha atalembetsa ku ofesi ya olumala ndi lipoti la dokotala kumayambiriro kwa semesita. Mabanja ena amabisa, kuopa kuti mwana achotsedwa. Sachotsedwa, ndipo kubisako n'kumene kumamulepheretsa. Mtsikana kapena mnyamata akagwiriridwa, mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambika pasanathe maola 72, ndipo malo a Thuthuzela, monga amene ali pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath, amapereka chithandizo cha chipatala, uphungu ndi thandizo la apolisi pamalo amodzi. Mwana aliyense adziwe zimenezi asanazifune.

Ndibwerere kwa ife eni ake. Amalawi a ku Joni timadziwa kusonkha. Munthu akamwalira, masiku ochepa okha ndalama yonyamulira thupi yapezeka, magulu a WhatsApp agundika, mipingo ndi mizikiti yaimirira. Ndi chinthu chokongola ndipo chisathe. Koma dongosolo lomwelo likhoza kugwirira ntchito amoyo. Mabanja 20 atamasonkha R50 pa mwezi, ndi R1 000 mwezi uliwonse, R12 000 pa chaka. Imeneyi si fizi, ndipo tisadzinamize kuti ingalipire digiri. Koma ndi ufa, nyemba, soya, mazira ndi mafuta ophikira a mwana amene ndalama yake yachedwa milungu itatu, ndi tiransipoti ya sabata ya mayeso, ndi magalasi a maso osweka. Ndi ndalama yodula unyolo uja pa mfundo yoyamba. Iperekedwe mwachinsinsi ndi anthu awiri odalirika, olemba m'buku, popanda kumuimika mwana kutsogolo kwa mpingo kuti athokoze. Ndipo ndinene poyera kuti amene akupereka thandizo kwa mtsikana asakhale bambo mmodzi payekha.

Kuposa ndalamayo, pakufunika munthu. Malamulo oteteza chinsinsi salola yunivesite kuuza makolo zotsatira za wophunzira wamkulu popanda chilolezo chake, ndiye ngati mwanayo sakukhulupirirani, mudzamva mu Januwale zonse zitatha. Wamkulu womuyendera asakhale wapolisi. Asafunse kuti "sukulu ikuyenda?" chifukwa yankho lake ndi "eya". Afunse kuti dzulo unadya chiyani, wagona maola angati, test yoyamba unapeza zingati, ndi phunziro liti likukuvuta, visa ndi medical aid zikutha liti. Mwana akanena kuti walephera, mawu oyamba asakhale owerengera ndalama zimene zapita. Kubwereza phunziro limodzi, kapena kusiya limodzi tsiku losiyira lisanadutse kuti ena anayi apulumuke, si manyazi. Amene anamaliza kale digiri kuno, ndipo alipo m'mipingo ndi m'mizikiti yathu, ndi amene angagwire bwino ntchito imeneyi, chifukwa makomo aja akuwadziwa.

Pamsonkhano wotsatira wa sosaite yanu, mukatha kuwerenga ndalama za maliro, tsegulani tsamba lina. Lembanipo ana a gulu lanu amene ali ku yunivesite kapena ku koleji, amene avomera kulembedwa: chaka chimene ali, kumene akugona, tsiku lothera pasipoti, visa ndi medical aid. Pambali pa dzina lililonse pakhale dzina la wamkulu mmodzi amene adzamuona pamaso kumapeto kwa Malichi, zotsatira za test yoyamba zitatuluka, kenako mu Meyi chisanu ndi mayeso zisanafike, ndiponso mu Okutobala, mitengo ya jakaranda ya pa Wits ikayamba kuchita maluwa.